Mitengo ikakwera, amalipira ndani? Zolemba za kafukufuku wanga wa PhD

13 Januwale 2025

Lero ndalowa chaka chachitatu. Ndaganiza zoyamba kulemba m'mene ntchito ikuyendera, kuti ndizidziwa ndekha pamene ndaima, komanso chifukwa achinyamata angapo amene ndimawaphunzitsa akhala akundifunsa kuti munthu wa PhD ya zachuma amachita chiyani kwenikweni tsiku ndi tsiku. Ndimakhala ku Chilomoni, ndimaphunzitsa masiku atatu pa sabata, ndipo kamodzi pamwezi ndimakakwera minibasi ku Limbe kupita ku Zomba kukakumana ndi a Pulofesa amene akundiyang'anira.

Machaputala awiri oyamba anavomerezedwa chaka chatha. Chachitatu ndiye mtima wa ntchito yonse, ndipo ndi chimene chikundisowetsa tulo.

Akatswiri a zachuma akafuna kuyeza kusiyana kwa pakati pa olemera ndi osauka amagwiritsa ntchito nambala yotchedwa Gini, potengera dzina la Corrado Gini wa ku Italy amene anaiyambitsa mu 1912. Imayambira pa 0 kulekeza pa 1. Ikakhala 0 ndiye kuti aliyense m'dzikomo ali ndi zofanana ndi mnzake, ikakhala 1 ndiye kuti munthu mmodzi wakokera zonse kwake, ena onse atsala chimanjamanja. Kwathu kuno nambalayi imachokera ku kafukufuku wa m'makomo wa IHS, amene a NSO, ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba, amachita pakapita zaka zingapo, kufunsa mabanja oposa 11,000 ulendo uliwonse. Mu 2004/05 Gini wathu anali 0.39. Mu 2010/11 anakwera kufika 0.45. Mu 2016/17 anatsikira pa 0.42, ndipo mu 2019/20 anatsikanso kufika 0.38. Umphawi wokha ndiye sunasunthe: anthu 52 pa 100 alionse anali osauka mu 2004/05, ndipo patapita zaka 15 anali akadali pafupifupi 51.

Papepala ndiye kuti phompho likukwiririka. Koma m'mawa uliwonse minibasi yathu imadutsa ku Namiwawa, kumene mipanda ikukwererakwerera ndi waya wa magetsi pamwamba, ndipo m'mbali mwa msewu mumakhala mdipiti wa amayi ndi abambo ochokera kwathu, wapansi, kupita kukachapa, kukaphika ndi kukatchetcha kapinga m'nyumba zomwezo. Akuyenda pansi chifukwa ya minibasi ikanadya theka la malipiro awo.

Sindikunena kuti a NSO analakwitsa masamu. Ntchito yawo ndi yabwino, popanda iyo ine ndilibe poyambira. Chimene ndikufuna ndi kudziwa zimene nambalayi imaona ndi zimene siingathe kuona, kenako ndilondole njira imene kukwera mitengo, kugwa kwa kwacha ndi ngongole za boma zimasamutsira ndalama kuchoka m'thumba la wina kulowa m'thumba la wina. IHS5, kafukufuku wa 2019/20 uja, inatha mu Epulo 2020. Kuchokera apo kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, namondwe Freddy anadutsa, chilala cha 2024 chinadutsa. Dziko limene lili m'manambala anga si limene ndikukhalamo lero, choncho ndiyenera kumanga mlatho pakati pa awiriwa.

15 Januwale

Tsiku la Chilembwe, kusukulu kotseka, ndakhala pakhomo kukonza gawo la mbiri. A Pulofesa anati ndilifupikitse lisapitirire masamba asanu ndi atatu. Ndikuyesetsa, koma lero lomwe ndi tsiku lovuta kudula nkhani ya thangata.

M'mabuku a zachuma nkhani ya kusiyanaku imayambira pa Simon Kuznets. Mu 1955 iye anati dziko likamayamba kutukuka phompho limakula, chifukwa ena asiya khasu n'kulowa m'mafakitale a malipiro abwino pamene ena atsalira kumunda, koma ambiri akasamuka limayambanso kuchepa. Manambala ake anali a ku America, England ndi Germany, ndipo mwini wakeyo anachenjeza kuti umboni wake unali wochepa. Kwathu anthu anasiyadi khasu, koma sanalowe m'mafakitale a kuno. Analowa m'maesiteti ndi m'migodi ya eni ake.

M'maesiteti a ku mapiri a Shire kuno, ngati a A. L. Bruce ku Magomero, munthu ankalipira malo ogona ndi thukuta lake, kugwira ntchito ya mzungu mwini malo nthawi yomweyo imene munda wake ukufuna kupalira. Mkwiyo wa 1915 unaphukira pamenepo. Msonkho wa nyumba nawo unkakankha amuna kukasaka ndalama kutali. Depoti imene timakwerera mabasi pano timaitchulabe kuti Wenela, dzina la bungwe limene linkalemba anthu opita ku migodi ya ku Joni. Agogo anga aamuna anapita kawiri. Anabwerako ndi njinga, bokosi la chitsulo limene amayi akusungiramobe zovala, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa. Kamuzu anaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo.

Ufulu utabwera njira inasintha koma madzi ankalowerabe mbali yomweyo. Fodya wa bale, amene anali ndi ndalama, ankaloledwa kulima a maesiteti okha mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mlimi wamng'ono ankagulitsa mbewu zake ku ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, pamtengo wotsika kuposa wa kunja, ndipo phindu lotsalalo linkapita kukamanga maesiteti ndi makampani. Malemu Thandika Mkandawire, amene anatisiya mu 2020, anaonetsa kuti maiko amene atsamunda anawasandutsa nkhokwe ya antchito anatengera kakhomedwe ka msonkho kosiyana ndi ka maiko a ku West Africa amene ankadalira alimi a mbewu zogulitsa, ndipo kusiyanako kukuonekabe. Ndikamamuwerenga ndimalimba mtima kuti Mmalawi angathe kufunsa mafunso akuluakulu poyambira pakhomo pake.

Ndaona ulusi umodzi umene ndiusunge ngakhale masamba achepe. Thangata linkatenga masiku a munthu, aliyense n'kumaona. ADMARC inkatenga kudzera pa sikelo, oona anali ochepa. Kukwera mitengo kumatenga popanda wobwera pakhomo, moti wolandidwayo sadziwa woti amuloze chala.

8 Febuluwale

Masabata atatu apita pokonza cholakwa changa. Mu IHS banja limafunsidwa zimene ladya masiku asanu ndi awiri apitawo, ndipo anthu sayankha m'makilogalamu. Amati mulu umodzi wa tomato, chigoba cha chimanga, mbale ya nyemba, ndowa ya mbatata, mpukutu wa mpiru. Pali tebulo losinthira miyezo imeneyi kukhala makilogalamu, malinga ndi mtundu wa chakudya ndi chigawo. Polumikiza tebulolo mu Stata, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera manambala, ndinagwiritsa ntchito nambala ya muyezo yokha, osaphatikiza ya chakudya, ndiye mulu wa usipa unkalemera ngati mulu wa chinangwa. Ndinazindikira nditaona mabanja osaukitsitsa akuoneka ngati amadya nsomba kuposa asodzi a ku Mangochi. Ndabwereza zonse kuyambira pachiyambi, ndipo tsopano ndaika malamulo oti kompyuta izindiimitsa ikapeza munthu wodya mopitirira zimene mimba ingalandire.

Vutoli linandipatsa maganizo oti ndikadzionere ndekha. Lero m'mawa ndinatenga kasikelo ka kukhitchini kupita nako kumsika wa Ndirande. Mayi wina wogulitsa tomato, anyezi ndi mafuta ophikira a m'timachubu atandiona ndikukatulutsa anagwira chitenje n'kuimirira.

“Ndinu a khonsolo?”

“Ayi amayi, ndine mwana wa sukulu. Ndikufuna ndidziwe kuti mulu umodzi umalemera bwanji.”

“Mulu wa liti? Wa lero kapena wa mwezi watha?”

Anandikhazika pa kathumba n'kundiphunzitsa zimene sindinazipeze m'buku lililonse. Mtengo wa mulu sausintha wambawamba, chifukwa ukangokweza kasitomala amapita pa benchi ya mnzako. Amachotsapo tomato mmodzi. Mafuta nawo amangomanga kachubu m'munsi pang'ono. Wogula amatulutsa ndalama yomweyo ya dzulo, koma mphika ndi umene umadziwa. Anandionetsanso timapepala ta ufa ta walkman, tokwana nsima ya kamodzi, n'kunena kuti ambiri ogula amabwera dzuwa litapendeka, akalandira ya ganyu.

Ndinayeza zimene ndinagula, n'kuyerekeza ndi mitengo ya m'sitolo zazikulu za ku Chichiri ndi ku Ginnery Corner. Pa mafuta, shuga ndi ufa, wogula pang'onopang'ono akulipira zambiri pa kilogalamu kuposa wogula botolo la malita asanu kapena thumba lathunthu. Umphawi uli ndi msonkho wakewake. Msika umodzi tsiku limodzi si umboni wa PhD, koma tagwirizana ndi mayiwo kuti ndizibwera Loweruka loyamba kapena lachiwiri la mwezi uliwonse kudzayeza zinthu zomwezo.

Apa ndi pamene chaputala chachitatu chagona. Nambala ya kukwera mitengo imene timamva pa wailesi mwezi ndi mwezi imachokera pa dengu limodzi la dziko lonse, ndipo m'dengulo wogula zambiri ndi amene mawu ake amamveka kwambiri. Koma palibe banja limene limagula dengu la dziko lonse. Tiyerekeze chabe kuti chakudya chakwera ndi 40 peresenti, zina zonse ndi 20. Banja la ku Mbayani limene pa K100 iliyonse K70 imathera pa chakudya laona moyo ukukwera ndi 34 peresenti. Banja la ku Nyambadwe, kungowoloka msewu, limene chakudya chimangotenga K25 pa K100, laona 25. Chaka chimodzi kusiyanaku kumaoneka kochepa. Kukachitika zaka zitatu zotsatizana, monga zakhalira kuyambira 2022 pamene chakudya chakhala chikuthamanga kuposa zina, ndiye kuti mabanja awiriwa atalikirana kwambiri ngakhale malipiro awo atakwera mofanana. Ntchito yanga tsopano ndi kupangira banja lililonse la mu IHS5 dengu lakelake, n'kulikweza mwezi ndi mwezi ndi mitengo ya NSO kufikira lero.

19 Febuluwale

Sabata yopanda chooneka. Ndinali ndi mapepala a mayeso oposa 100 ochonga, mwana anadwala malungo, ndipo masiku awiri magetsi anazima laputopu ili pakati powerengera. Mwana wachira. Ndawerengako pang'ono za katswiri wa zachuma Angus Deaton pa kayezedwe ka zimene mabanja amadya.

1 Malichi

Dzulo nduna ya zachuma, a Simplex Chithyola Banda, anapereka bajeti ya 2025/26 ku Nyumba ya Malamulo. Ndi yoposa K8 thililiyoni, ndipo ndalama zoposa K2 thililiyoni zipita ku chiwongoladzanja cha ngongole. Osati kubweza ngongoleyo, chiwongoladzanja chokha. Pa K4 iliyonse imene boma ligwiritse ntchito, K1 yapita kale mankhwala asanagulidwe, mphunzitsi asanalandire.

Ambiri akamva ngongole amaganiza za maiko akunja, koma gawo lalikulu la chiwongoladzanjachi limalipidwa konkuno, kwa amene amagula ma treasury bill ndi ma treasury note, zikalata zimene boma limabwerekera ndalama: mabanki, makampani a inshulansi, a penshoni ndi anthu ochepa a ndalama zawo. Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti kuyambira Febuluwale 2024, ndipo boma likamabwereka kwa zaka zambiri limalipira kuposa pamenepo. Banki ikakhala ndi kasitomala wotere, wolipira bwino ndiponso wosathawa, ingavutikirenji kubwereketsa kalipentala wa ku Bangwe? Ndalama zolipirira zimachokera mu msonkho, kuphatikizapo VAT ya 16.5 peresenti imene mlonda ndi bwana wake amalipira mofanana akagula mayunitsi a foni.

Ndinalemba zimenezi ndi mtima wotentha n'kutumiza kwa a Pulofesa usiku womwewo. M'mawa uno anandiimbira.

“Mayi, mwalemba bwino, koma mwathamanga. Mitengo ikukwera ndi pafupifupi 30 peresenti. Amene wabwereketsa boma pa 26 wapindula kapena waluza?”

“Waluza pang'ono, a Pulofesa.”

“Ndiye lembani choncho. Ndipo ndalama za penshoni ndi za ndani? Si za kalaliki ndi dalaivala amene amadulidwa mwezi ndi mwezi?”

Akunena zoona, ndipo ndakonza. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, wolembedwa ntchito amadulidwa 5 peresenti, womulemba amaika 10, choncho ena mwa opindula ndi antchito wamba. Koma olembedwa ntchito mwa dongosolo lotere ndi kagulu kochepa m'dziko limene anthu 84 pa 100 amakhala kumudzi. Ndipo kuluza 4 pa 100 sikufanana ndi kuluza 30 pa 100, kumene kumagwera mayi wosunga ndalama zake pa mfundo ya chitenje, kapena wolandira K90,000 ya malipiro otsikitsitsa amene amadikira chaka kapena kuposa kuti asinthidwe. Funso lolondola si lakuti ndani akupindula, koma lakuti ndani ali ndi pobisala mvula ikamagwa. Ndasintha mutu wa gawoli kuti ugwirizane ndi zimenezo.

Pobisala pena ndi dola. Kubanki ili pa K1,751, kumsika wa mseri yapitirira kawiri pamenepo. Wopeza dola pamtengo wa kubanki n'kugulitsa katundu wake pamtengo wa mseri wapatsidwa mphatso yaikulu imene siilembedwa m'bajeti iliyonse. Ogulitsa kaunjika amene achita zionetsero masiku apitawa ali mbali inayo ya mphatsoyo: belo amaligula pamtengo wa mseri, makasitomala awo amalandira makwacha omwe aja.

13 Malichi

Zaka ziwiri chichitikireni Freddy. Ndinadutsa ku Chilobwe masana, chipsera cha matope chikuonekabe paphiri la Soche. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Amene anamanga m'mphepete mwa phiri ndi m'mbali mwa mitsinje sanali osadziwa kuti ndi poopsa, ndi pamene ndalama zawo zinawafikitsa. Gini wathu saona kuti munthu amagona pati. Ndaonjezera kagawo kakafupi ka nyumba ndi malo mu chaputala chachinayi.

17 Meyi

Ndabwera kumene kuchokera kwa amayi ku Chiradzulu, ndipo ulendowu wagwetsa theka la zimene ndinamanga mu Epulo.

M'masamu anga ndinkawerengera banja lililonse ngati logula. Koma mlimi amadyanso zolima yekha, ndipo wina angatsutse kuti chimanga chikakwera mlimi amasangalala. Ndinapeza amayi akutonola pakhonde, ndipo kunja kwa mpanda kunali mnyamata wa njinga ndi sikelo yake yopachika pamtengo. Anamugulitsa ndowa zitatu ine ndikuona.

“Amayi, bwanji osasunga mpaka Disembala? Mtengo udzakhala wina.”

“Mwana wanga, fizi ya mwana wa achimwene ako idikira Disembala? Nanga wa katapila uja amene ndinatengako ya feteleza adikira? Ndipo ndikasunga, mankhwala a anankafumbwe ndigula ndi chiyani?”

Chimanga chimene agulitsa lero motchipa adzachigulanso mu Januwale pamtengo wokwera, mwina kwa mnyamata yemweyo kapena kwa amene amamutuma. Chaka chino m'miyezi ya njala thumba la makilogalamu 50 linafika K100,000 m'misika ina ya kum'mwera kuno. Ndipo ndalama yogulira idzachokera ku ganyu m'munda mwa wina, nthawi imene munda wawo ukufuna kupalira ndi kubandira. Ndili pakhondepo ndinakumbukira zimene ndinalemba pa tsiku la Chilembwe. Palibenso kapitawo wa esiteti, koma masiku a munthu akupitabe kumunda kwa wina mwezi womwe uja.

Phindu la kukwera kwa chimanga limapita kwa amene ali ndi nkhokwe, mankhwala ndi ndalama yodikirira miyezi isanu ndi itatu. Alimi ang'onoang'ono ambiri kwathu kuno amagula chimanga chambiri kuposa chimene amagulitsa chaka chikamatha. Deaton anachita masamu otere pa mpunga wa ku Thailand mu 1989: pa banja lililonse umachotsera zogula pa zogulitsa kuti uone ngati kukwera mtengo kukulipweteka kapena kukulithandiza. Nditsatira njira yomweyo, koma ndionjezera nyengo, chifukwa kuno mwezi umene wagulitsa ndi mwezi umene wagula ndiwo nkhani yonse. Mwayi wake IHS imayenda chaka chathunthu, choncho mabanja ena anafunsidwa nthawi yokolola, ena nthawi ya njala. Zinditengera mwezi wina umene sindinauwerengere.

Amayi anandipatsira nandolo wouma ndi nkhuku. Ndinawasiyira ya mankhwala a chimanga chotsalacho.

20 Juni

Semina ya ku Zomba yatheka. M'chipinda munali anthu osapitirira 20, kunja kukuzizira ndi chiperoni. Gawo la madengu a mabanja analilandira bwino. Pamene panavuta ndi pa olemera.

Mphunzitsi wina wachikulire anati, “Chemwali, osauka mwawayeza mpaka tomato. Nanga olemerawo ali kuti m'manambala anuwa?”

Yankho loona ndi lakuti ambiri mulibe. Ndisanayambe maphunzirowa ndinagwirapo ntchito yofunsa mafunso m'makomo pa kafukufuku wina. Ku Ndirande ndi ku Zingwangwa ankatiyalira mphasa, ena mpaka kutipatsa madzi akumwa, n'kuyankha maola awiri osadandaula. Ku Sunnyside tinkathera pageti. Mlonda ankasuzumira pa kabowo n'kunena kuti, “Abwana kulibe, adona atuluka, mubwere mawa,” agalu akuuwa kumbuyo kwake. Mawa lake chimodzimodzi. Vutoli si la kuno kokha, akafukufuku a m'makomo padziko lonse amalephera kufika pamwamba penipeni. Komanso ngakhale atakutsegulira, IHS imayeza zimene banja ladya ndi kugwiritsa ntchito, osati zimene lapeza. Munthu ngakhale alemere bwanji, mimba ndi imodzi. Ndalama zake zotsala zimapita ku mapuloti a ku Chigumula ndi ku Mpemba, ku masheya, ku madola, ku fizi ya ana kunja, ndipo zambiri mwa izi sizilowa mu Gini wathu. Choncho Gini angathe kutsika chifukwa choti apakati asaukira limodzi ndi apansi, pamene apamwamba akuuluka osaoneka.

Ngakhale ndi maso ofooka chonchi, lipoti la Oxfam la 2015 limene analemba a Richard Mussa ndi a Winford Masanjala linapeza kuti mu 2004 anthu 10 pa 100 olemera kwambiri ankagwiritsa ntchito zinthu kuchulukitsa ka 22 poyerekeza ndi 10 osaukitsitsa, ndipo pofika 2011 kanali ka 34.

Tagwirizana zinthu zitatu. Pambali pa Gini ndiziikanso muyezo wa Gabriel Palma, umene umayerekeza anthu 10 pa 100 apamwamba ndi 40 pa 100 apansi, chifukwa umenewu munthu wamba amaumva msanga. Sabata ino ndapereka kalata ku Msonkho House yopempha a MRA matebulo a msonkho wa PAYE oikidwa m'magulu, opanda dzina la munthu aliyense, popeza lamulo limateteza chinsinsi cha okhoma msonkho ndipo ndi bwino kutero. Ndipo ndayamba kusonkhanitsa malipoti a pachaka a makampani a pa Malawi Stock Exchange, amene aliyense angathe kuwawerenga, kuti ndione phindu ndi magawo amene eni masheya alandira zaka zomwezi zimene mulu wa tomato wakhala ukuchepa. Malipoti a mabanki ndi amene ndayambira.

12 Julayi

Chaputala chomaliza chiyenera kuyankha funso limene a Pulofesa amandifunsa ulendo uliwonse: kupatula chisoni, kusiyanaku kukuchita chiyani ku chuma cha dziko lonse?

Pamene ndafika ndi apa. K10,000 ikalowa m'manja mwa gogo wa Mtukula Pakhomo, pulogalamu imene inayambira ku Mchinji mu 2006, imatha sabata yomweyo pa chimanga, bonya, sopo ndi chigayo, ndipo imazungulira m'dera lomwelo. K10,000 yoonjezera kwa munthu wokhuta kale imasungidwa kapena imapita ku galimoto, matailosi ndi tikiti ya ndege, zonse zofuna dola. Dziko lathu limagula kunja katundu wa ndalama pafupifupi katatu kuposa amene limagulitsa. Ndalama zikaunjikana pamwamba, njala ya dola imakula, kwacha imafooka, mitengo imakwera, chiwongoladzanja chimakwezedwa, ngongole ya boma imadula, ndipo phindu lake limabwereranso pamwamba pomwe paja. Pulogalamu ya IMF imene inavomerezedwa mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa, inatha mu Meyi chaka chino isanafike pamapeto, koma mitengo imene inakwera nthawi imeneyo sinatsike.

Ndiyenera kusamala kuti ndisakometse nkhaniyi mopitirira. Wosauka nayenso amadya dola mosadziwa: feteleza, mafuta a minibasi, kaunjika, mankhwala. Kungogawa ndalama popanda kulima ndi kupanga zambiri kungangokweza mitengo ya zinthu zomwezo. Ndikamadutsa ku Makata ndimakumbukira nthawi imene David Whitehead and Sons inkalemba anthu zikwizikwi kuluka nsalu kuchokera ku thonje la ku Chikwawa ndi Balaka. Mafakitale amafuna ogula, ndipo anthu amene ndalama zawo zonse zimathera pa ufa sangagule nsalu yatsopano. Apa ndi pamene mbali ziwirizi zikumana, ndipo ndi gawo limene masamu ake sanakhazikike. Ndikuyesa ndi tebulo la chuma cha dziko lonse limene limaonetsa ndalama zikuyenda pakati pa alimi, makampani, mabanja, boma ndi maiko akunja, n'kugawa mabanja m'magulu asanu.

Chaputala chachitatu chonse chiyenera kufika kwa a Pulofesa pa 29 Ogasiti. Masamu a ogula ndi ogulitsa chimanga atha, ndatsala ndi kulemba. Malipoti a makampani ndawerenga theka.

M'mawa uno ndinali ku Ndirande ndi kasikelo kanga, ulendo wachisanu ndi chimodzi. Mayi aja tsopano amandisungira kathumba kokhalira. Mulu wa tomato wakula, chifukwa wa m'madimba wayamba kufika wambiri. Kachubu ka mafuta kokha sikanabwerere, kafupikanso. Nditawafunsa anati tomato amamudziwa kumene amachokera, koma mafuta amangomva kuti kuhoselo akwezanso. Ndaganiza zogawa dengu la banja lililonse pawiri, zolimidwa kuno ndi zodalira dola, ndipo ndiyamba Lolemba ndikachoka kokaphunzitsa.